Dzina lomaliza pa mndandanda wa madzi

Ndinaganiza zochoka ku Phalombe tsiku lomwe ndinamaliza kulemba pulogalamu ya sikimu ya mpunga kwathu, kufupi ndi Chilwa. Inali yogawa masiku a madzi, munda ndi munda. Nditaona ikugwira ntchito ndinati basi, mutu uwu sungaolere m'dambo. Ulendo wa ku Joni.

Kumeneko ndinalembedwa ntchito pa kampani ina ya mapulogalamu. Ndalama ndinkatumiza, koma kunena zoona, Lamlungu linkanditalikira. Ndinkadya ndekha, n'kumabwereza uthenga wa amayi pa foni: "Madzi atifika, mpunga uli bwino. Iwe ukudya?" Munda wawo uli kumapeto kwenikweni kwa ngalande, ndiye "madzi atifika" sanali mawu wamba.

Ku Joni ndinazolowera kusaopa kompaila yatsopano. Kompaila ndi chida chimene chimatenga zomwe walemba n'kuzimanga kukhala pulogalamu yoti kompyuta iyendetse. Ikatuluka yatsopano tinkangosintha, makina n'kumayesa okha, ife tikumwa tiyi.

Nditabwera kudzaona amayi, ndinapeza sikimu yalandira kompyuta ina, pulogalamu yanga ikukana kutseguka. Madzi ankayenera kugawidwa Lolemba. A Namulondo, alembi a sikimu, mayi wachikulire wosaseka zachabe, anandiitanitsa.

"Kompaila yakale ija inatha ntchito, amayi," ndinawauza. "Ndimanga ndi yatsopano. Sizichedwa."

Kompaila yatsopanoyo inadandaula pa mizere ingapo ya pulogalamu, machenjezo achikasu, ine osalabada. Pulogalamu inatseguka, mndandanda n'kutuluka pa pepala.

"Tikhome pa bolodi," ndinatero.

"Ayi, mwananga. Mbewu yachilendo sitifesa munda wonse. Khala pansi."

Anatulutsa kope lawo la chikuto chong'ambika. Iwo kutchula dzina mokweza, ine kuyang'ana pa pepala n'kuyankha kuti "lilipo". Akuti amatero chaka chilichonse asanakhome. Ndinapsa mtima, ndithu! Munthu wochokera ku Joni kumayankha ngati mwana wa sitandade wani?

Pomaliza anatchula dzina la amayi anga. Ndinayang'ana pepala. Ndinalitembenuza. Kalanga ine, palibe.

Ndinabwerera ku machenjezo aja. Cholakwa chinali changa, chakalekale: malo osungira mayina ndinaika operewera ndi amodzi. Ndi kompaila yakale, dzina lomaliza linkapulumuka mwamwayi. Yatsopanoyi sinandinyengerere. Tikanakhoma pepala lija, madzi akanathera kwa aneba, mpunga wa amayi n'kuuma ali ndi mwana wodziwa makompyuta.

Ndinakonza, n'kumanganso. Tinayambiranso kuwerenga kuchokera pamwamba, ine kuyankha ngati nkhuku yonyowa.

A Namulondo sanandiseke. Anangoti, "Chatsopanochi n'chabwino, chakuululira poyera. Koma kodi chimadziwa amene ali kumapeto kwa ngalande?"

Mayi ameneyo ndimamugomera mpaka lero. Zaka zonse zija ndinkadzitama kwa anzanga kuti kwathu madzi amayenda ndi nzeru zanga. Sindinkadziwa kuti kuli munthu amene sakhoma pepala asanafike pa dzina lomaliza.

Lolemba ndinaima ndi amayi m'mphepete mwa munda, matope m'miyendo. Madzi anabwera pang'onopang'ono, atanyamula zinyalala za ngalande yonse.

"Atifika," anatero amayi. "Pulogalamu yako ija ndi yabwino."

Kumtunda a Namulondo ankadutsa pa njinga, kope lija atalimanga pa keliyala. Ndinawalozera amayi.

"Muthokoze awo, amayi. Ine ndinakuiwalani."