Tsiku limene ndinapeza amayi akudya okha

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinaona koyamba amayi akudya okha. Tinkakhala ku Bangwe, iwo ankagulitsa tomato kumsika. Ndikaweruka kusukulu, ntchito yanga inali kulera mlongo wanga Yamikani, yemwe anali akuyamwabe.

Masana ena mwanayo analira mpaka kusasa mawu. Phala anakana, madzi anakana. Ndinamubereka n'kutsetserekera kumsika, koma pabenchi pa amayi panalibe munthu. Mayi wogulitsa bonya anandilozera kuseri kwa chigayo.

Ndinawapeza atakhala pamwala, atavula masilipasi, akudya tchipisi cha pachiwaya m'kajumbo. Ankatafuna pang'onopang'ono, atatsinzina. Amayi omwewo amene ngakhale chitumbuwa chimodzi ankachinyema n'kutigawira! Atatiwona, nkhope yawo inagwa. Ndinaona ndi maso angawa kuti sanakondwe.

"Ambuye wanga, ngakhale kuno mwandilondola?" anatero.

Mwezi womwewo amake mnzanga wa nyumba yoyandikana anali atapita ku Joni, ana n'kuwasiyira agogo awo. Ndinaganiza kuti nafenso tisiyidwa.

"Amayi, mwatopa nafe?" ndinafunsa.

"Eya, ndatopa nanu. Ndikunamize?"

Akulankhula choncho, Yamikani analiranso, ndipo bulauzi yawo inanyowa pachifuwa, mkaka ukutuluka wokha. Anaseka n'kumumasula kumsana kwanga. "Bwerani bwana, mwapambana." Anamuika kubere, dzanja linalo akundipukuta thukuta pamphumi ndi nsonga ya chitenje.

"Ndiye muchoka?" ndinafunsanso.

"Iwe Malita, kutopa si kuchoka. Ndimangofuna kamphindi kopanda wondiitana. Yasama." Anandiika tchipisi m'kamwa, chozizira kale, tsabola wake woyabwa mpaka misozi. Ndinameza, mantha n'kutsikira limodzi.

Lero ndili ndi wanga mwana wamkazi wa zaka ziwiri, kuno ku Machinjiri. Akatentha thupi, chakudya sichilowa pakhosi panga. Komabe masiku ena ndikamaliza kusamba ndimakhalabe m'bafa, nditakhala pandowa, osafuna kutuluka, kumangomvetsera mphepo ikugwedeza malata. Ndikanapanda kuona za kuseri kwa chigayo, bwenzi ndikudziyesa mayi woipa. Tsopano ndikudziwa kuti mtima umodzi womwewo ungathe kulakalaka kupuma uku ukukonda mwana. Akabwera kudzagogoda ndi timanja take n'kuitana kuti "Mama", ndimayamba ndausa moyo, kenako ndimatsegula.