Matimati Amene Ndinapsetsa pa Malata

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinakwera pa diramu ndi matimati a amayi m'chitenje. Tinkakhala ku Kanakantapa, pamunda umene atate anapatsidwa titasamuka ku Katete, ndipo ine ndinali mwana wosakhazikika. Chimanga ndinkachichotsa pamoto chisanapse, mango ndinkathyola akadali ndi utomoni, kutchalitchi ndinkayamba kuyang'ana kukhomo ulaliki usanafike ndi pakati pomwe. Amayi ankati m'matako mwanga muli linthumbu.

Kuseri kwa nyumba amayi anali ndi kadimba ka matimati. Sanali aja akuluakulu a m'mapaketi ogula ku Chongwe. Anali aang'ono, amizeremizere ngati dzungu, owawasa pang'ono, moti awiri okha ankakoleretsa mphika wonse wa nkhwani. Mbewu yake anapatsidwa ndi agogo, amayi awo, tsiku limene tinkasamuka, ndipo chaka ndi chaka ankaisunga okha. Ankasankha matimati okongola, n'kumanga kansanza pa tsinde lake. Amenewo sankadyedwa. Ankapsa pamtengo mpaka kufewa, kenako amayi ankawafinyira pa kansalu, njere n'kumatirira, nsaluyo n'kuipachika kukhitchini kuti iume ndi utsi.

Mwezi wa Okutobala chaka chimenecho kunabwera uthenga woti agogo adwala kwambiri. Amayi anamanga katundu mofulumira, koma asanapite kokakwera minibasi ananditengera kudimba.

"Tisa, uzithilila m'mawa na m'mazulo," anatero. "Aya yamene namanga nsalu usagwile, ni ya mbeu. Yasiye yapsye yeka. Wamvela?"

"Namvela, amai."

Kumva ndinamvadi, koma kudikira ndiko kunandikanika. M'mawa ndinkathirira n'kuwayang'ana: obiriwira. Pochokera kusukulu ndinkathamangira komweko ndisanavule yunifomu: obiriwira. Ndinkawatembenuza, kuwanunkhiza, kuwasina ndi chala. Anali asanu ndi limodzi, olimba ngati miyala, ndipo ndinayamba kudana nawo. Ndinkafunitsitsa kuti amayi pobwera adzapeze mbewu ili kale pansalu, adzanene kuti ndakula.

Tsiku lina ndikuchokera kuchitsime ndinapeza bana Mutinta, mayi woyandikana nafe amene ankalima matimati ogulitsa ku Lusaka, akuthyola aawisi n'kumaika m'mabokosi.

"Nanga muthyola bwanji yabisi?" ndinafunsa.

"Yazapsya mu njila, mwana wanga," anayankha osatembenuka. "Kukatentha so, masiku yatatu chabe yafiila."

Sindinafunse ngati a mbewu amatero. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, amatero akale, ndipo zanga zinali pafupi kupota amayi. Masana omwewo, atate ali kumunda kososa, ndinathyola onse asanu ndi limodzi, ndinakwera pa diramu n'kuwayala padenga la malata. Ndinaganiza kuti ngati kutentha kwa m'bokosi kumapsetsa masiku atatu, kwa padenga kupsetsa awiri. Dzuwa la mwezi umenewo linali loti malata ankalira okha.

Tsiku lachitatu ndinawatsitsa. Anali atafiira mbali imodzi, khungu litachita makwinya, otentha m'manja ngati mazira owiritsa. Nditawafinyira pansalu, njere zinatuluka zazing'ono, zopyapyala, zotuwa. Za amayi zinkakhala zonenepa. Mtima unandiuza kuti pali cholakwika, koma ndinapachika nsaluyo kukhitchini n'kupita kosewera.

Amayi anabwera patatha milungu itatu, atavala duku lakuda. Agogo anali atamwalira. Atalowa kukhitchini anaona nsalu ija, anaikhudza ndi zala, misozi n'kuyamba kutsika.

"Wanisungila mbeu ya amai," anatero, akundikokera pachifuwa pawo. "Wakula, mwana wanga."

Mawu amenewo ndi amene ndinkawafuna, ndipo sindinafune kuwabweza. Kudimba mitengo inali itayamba kuuma, koma panali patatsala matimati atatu omaliza, ofiira bwino, opsa okha. Amayi anawathyola madzulo amenewo n'kuphikira tinsomba ta kapenta. Ndinadya mpaka kunyambita zala.

Dzinja lonse nsalu ija inandisowetsa mtendere. Ndikalowa kukhitchini ndinkayang'ana pansi. Ndinkadziuza kuti mwina zidzamera, mbewu ndi mbewu, kenako n'kukumbukira kutentha kuja m'manja mwanga.

Mvula itatha, amayi anakonza nazale, anafesa theka la njerezo n'kuphimba ndi udzu. Ndinkapitako kanayi patsiku, kukweza udzu, kufukula dothi ndi kamtengo. Mlungu unatha. Wachiwiri unatha. Panamera bonongwe yekha. Amayi ananamizira nyerere, ananamizira nkhuku, kenako anayamba kudziimba mlandu okha kuti mwina anakwirira kwambiri. Anafesa theka lotsalalo. Tsiku limene ndinawaona atagwada panazale yachiwiri, akusefa dothi m'manja mwawo, ndinalephera kupirira. Ndinaulula zonse: diramu, malata, masiku atatu.

Ndinkayembekezera kamtengo ka mpichesi pa miyendo, ndipo ndikanakondwa nako. Amayi sanadzuke n'komwe.

"Siku ija nabwela, yanalipo yatatu pa mtengo," anatero motsitsa. "Sembe unakamba, sembe nasunga yaja. Tinadya, Tisa. Tinadya na kapenta."

Analembera kalata achibale ku Katete kufunsa ngati alipo amene ali ndi mbewuyo. Yankho linati dimba la agogo linasiyidwa nthawi ya matenda, mbuzi zinamaliza, ndipo ena onse anali atayamba kale kugula za m'mapaketi. Chaka chimenecho nafenso tinagula paketi ku Chongwe. Matimati ake anabereka kwambiri, akuluakulu, osalala, ndipo atate anawayamikira. Amayi ankawadula n'kuika mumphika, koma sindinawaonenso akumanga kansanza pa tsinde la timati.

Lero ndimakhala ku Chalimbana, ndipo ndimalima matimati m'zidebe kuseri kwa nyumba. Kusakhazikika kuja sikunathe. Ndimawasinabe ndi chala asanapse, ndipo pamsika uliwonse maso anga amafufuza aang'ono amizeremizere. Sindinawapezebe.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti cholakwa changa chinali kufulumira. Tsopano ndimadziwa kuti kufulumira kunawononga matimati asanu ndi limodzi okha, ndipo amayi akanatha kukonza zimenezo madzulo omwe aja. Mbewu ya agogo sinafere pamalata. Inathera mumphika wa kapenta, amayi akundiyamikira, ine ndili chete, ndikunyambita zala.