Nambala ya pa Makina a Atate

Boma litayamba kugulitsa makampani, fakitale ya nsalu imene atate ankagwirako ntchito ku Kafue inaima. Anzawo anatuluka pageti ndi maovolosi ndi makapu awo. Atate anatuluka ndi nambala. Pa makina awo oluka panali kawotchi kowerenga kuzungulira kwa gudumu, ndipo katangoima, iwo anakopera nambala yake pachikhatho. Inali ya manambala naini, yothera ndi 7.

Ankati nambala zambiri zimagawika bwinobwino, koma pali zina zouma mtima zimene zimakana aliyense, ndipo ankafuna kudziwa ngati yawoyo inali yotero. Amayi akamapalasa njinga kukaoda nsomba ku Chanyanya, iwo amakhala ali pakhonde ndi pensulo, kugawa kumbuyo kwa makalendala akale. Anayesa 3, 7, 11, 13, mpaka kulowa m'masauzande. Nthawi zonse pankatsala kanthu.

Zinkandikwiyitsa. Tsiku lina ndinawafunsa kuti ikagawika tidya chiyani.

"Ikagawika ndipuma," anatero osadzutsa mutu.

Anamwalira patapita zaka zinayi, atafika pa 4,001.

Nambalayo ndimaikumbukira kuposa nkhope yawo. Imandibwerera m'basi ya ku Lusaka, mpaka ndimangozindikira milomo ikuitchula yokha. Chaka chatha mwana wanga wamkazi anati ndimuuze, foni yake ipeza yankho ndisanaphethire. Ndinakana. Ndimaopa kumva kuti imagawika ndi 13, kuti atate anangophonya kamodzi sabata yoyamba ija.