Mfumu Imene Inapirikitsa Mwana Wake

Abambo okonza njinga pamsika wa Chadiza ndi a mawu ochepa, koma gulu la masewero la kumpingo likakhala pansi kupeka mfumu ya dziko longoyerekeza, iwo sasowa. Aliyense amaponyapo chake, wina chisoti cha nthenga, wina asilikali a mphepo. Iwo amabweretsa chilema. "Mfumu yopanda banga ndi chitsa chabe," amatero, akupukuta girisi m'zala.

Chaka chino anati mfumuyo ipirikitse mwana wake wamkazi anthu akuona, poopa kutchedwa yokondera. Pagulupo palibe amene anaiwala tsiku limene abambowa, ali wapampando wa chipani, anabweza mwana wawo Lonia pachipata cha msika, dengu la nsawa lili pamutu, chifukwa analibe khadi la umembala wa chipanicho. Lonia anapita ku Chipata, ndipo mpaka lero sanalembepo kalata.

"Nanga pomaliza mwanayo abwerere, bambo?" anafunsa mayi Idesi, olemba sewerolo.



"Lembani kuti mfumu ikudikirabe," anatero abambowo. "Za asilikali a mphepo anthu akhulupirira, koma zoti mwanayo wabwerera, ayi."