Makaniko Amene Anati Pepani

Zaka makumi atatu ndi chimodzi zakwana chimudziwireni makaniko wa pagalaja ya kumunsi kwa chitunda. Ine ndimamata matayala pafupi naye, khoma ndi limodzi. Zimene ndilembe pano ndi zimene ndinaona ndi kumva, ndi zimene mwini wake anandiuza. Zokometsera mulibe.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, zala zake zakuda ndi girisi amene sopo anamulephera kalekale. Anthu ankamuitana kuti Amisiri. Mowa sankamwa, nkhani za eni sankazikonda, ndipo tsiku lonse ankakhala m'dzenje la galaja, pansi pa magalimoto, mutu wokha ukuonekera akasuzumira kudzatenga sipanala. Chilema chake chinali liuma. Akanena kuti nati iyi siinamange, ngakhale mukanakhala khumi omutsutsa, sankasuntha.

Kutsidya kwa msewu, pakhonde la sitolo, pankakhala mayi wina telala ndi makina ake opalasa ndi phazi. Anali wamasiye, ali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana wa kupulayimale. Mayiyu ndiye ankasoka ovolosi za makaniko, ndipo awiriwa ankanyozana ngati munthu ndi mlamu wake.

"Amisiri, ovolosi iyi yatsala zigamba zokhazokha. Nsalu imene munagula ija ili pati?"

"Sokani, mayi telala. Ndikagula yatsopano inu mudya chiyani?"

Tsiku lina mwini minibasi wina anabweretsa galimoto yake kuti aikonze kilatchi. Makaniko ali m'dzenje anaona payipi ya mabuleki itadyeka, mafuta akudontha pang'onopang'ono. Anatuluka akupukuta manja.

"Bwana, kilatchi yatheka, koma galimotoyi isatuluke. Payipi ya mabuleki ikukha mafuta."

"Ndinakutumani za mabuleki ine? Dalaivala akapopa kawiri imaima. Ndibwera nayo Loweruka."

"Loweruka ndi kutali, bwana."

"Amisiri, galimotoyi ndi yanga kapena yanu?"

Makiyi anali m'thumba la ovolosi. Makaniko anawafumbata kanthawi, kenako anawatulutsa n'kupereka.

M'mawa mwake, ana akupita kusukulu, minibasi ija inatsika chitunda itadzaza. Dalaivala anapopa mabuleki, phazi linangofika pansi. Inagunda mwana wa mayi telala m'mbali mwa ngalande ndipo anafera pomwepo, chikwama cha mabuku chili kumsana. Dalaivala anatuluka pawindo n'kuthawa, ndipo mpaka lero palibe amene anamuonanso.

Makaniko anasamba, anavala malaya oyera, anapita kumaliro monga mnansi aliyense. Analowa m'chipinda mmene mayi telala anakhala pansi pakati pa amayi anzake, anagwada n'kunena kuti, "Pepani, mayi. Pepani kwambiri." Misozi inamutsika, chifukwa mwanayo ankamuona tsiku lililonse akuwoloka msewu ndi ovolosi yosokedwa m'manja.

Aliyense amene analowa m'chipindamo ananena mawu omwewo. Ndi mawu amene timamuuza munthu akapunthwa pamwala umene sitinauike ife, akadwala mutu, akaferedwa. Koma ndi omwewonso amene timanena tikamuponda mnzathu phazi. Chinenero chathu chinaika zinthu ziwirizi m'thumba limodzi. Tsono mwini minibasi anali atauza kale apolisi kuti galimoto yake inachokera kugalaja dzulo lake, kumene anaikonza zonse, mabuleki omwe. Mlongo wake wa mayi telala, amene anaima pakhomo, atamva pepani uja ndi kuona misozi, anatuluka panja kwa amuna anzake.

"Mwamumva? Wapepesa yekha ndi pakamwa pake. Akulirira chiyani ngati sakudziwapo kanthu?"

Maliro asanaikidwe n'komwe, msewu wonse unali ukunena kuti makaniko wavomera.

Apolisi anamutenga pagalaja, ovolosi ili m'thupi. Mkazi wake anawatsatira mpaka pakauntala ya kupolisi, mpango utagwera m'khosi.

"Abwana, ndiye kuti amuna anga apalamula?"

"Ayi, mayi. Pakali pano ndi woganiziridwa chabe."

Mayiyo anabwerera kunyumba atagwira mawu amenewo ngati mankhwala, akuuza aliyense wokumana naye kuti akungowaganizira. Anthu ankagwedeza mutu n'kumupitirira. Patapita masiku makaniko anakaonekera kukhoti, anamuwerengera mlandu wopha munthu chifukwa cha kusasamala pantchito, anaukana, ndipo anatuluka pa belo.

Pano pafunika kunena mosapsatira, chifukwa mawu amenewa si amodzi. Woganiziridwa ndi munthu amene chala chamuloza. Woimbidwa mlandu ndi amene amuimika pamaso pa woweruza kuti ayankhe. Wolakwa ndi amene umboni wamugwira, woweruza n'kugamula. Pakati pa mawu oyamba ndi otsiriza pali mtunda wautali, ndipo anthu ambiri sakafika kumapeto kwake. Koma mumsewu mwathu mtunda umenewu mulibe. Akangokuona utakwera galimoto ya apolisi, mawu ake ndi amodzi basi: wapalamula.

Atatuluka pa belo, makaniko anawoloka msewu. Mayi telala anali atabwerera pamakina ake, atavala zakuda, ndipo sanachotse phazi pachopalasira.

"Mayi, pepani amene ndinanena tsiku lija..."

"Mwabwera kudzamutenga pepani wanuyo?"

"Mabuleki sindinawakhudze. Ndinawauza abwana aja kuti galimoto isatuluke."

"Aliyense akunena zake. Mwana wanga yekha ndiye sakunena kanthu."

"Ndiye musamvere ine. Mudzamve za woweruza. Ndikulonjeza kuti ndidzabwera pakhonde pano ndi mawu ake, kaya ndi otani. Akadzati ndine wolakwa, uthengawo udzachokera kwa ine ndisanakwere galimoto ya kundende."

Makina anaima. Mayiyo anapisa dzanja m'dengu, anatulutsa ovolosi ya makaniko imene anali ataiyamba ngozi isanachitike, chigamba chikulendewera, n'kuiika pathebulo.

"Ndidikira," anatero.

Kuyambira pamenepo moyo wa makaniko unasamukira pabenchi ya kukhoti. Ankafika m'mawa ndi malaya oyera aja, mkazi wake pambali, n'kukhala m'khonde lalitali lonunkha thukuta, pakati pa oba nkhuku ndi omenyana kumowa. Akamuitana ankalowa m'kabokosi ka oimbidwa mlandu, woimira boma ankaimirira n'kulankhula Chingerezi, ndipo womasulira ankatembenuka n'kunena kuti, "Mlandu waimitsidwa." Ulendo wina wapolisi wofufuza anali atasamutsidwa. Ulendo wina mwini minibasi anali atadwala. Ulendo wina woweruza anali kumsonkhano. Amene tinamva makaniko akukaniza galimoto tsiku lija tinakhala pabenchi mpaka matako kuuma, osaitanidwa. Minibasi ija, imene inali kuseri kwa polisi ngati umboni, inayamba kutha yokha: matayala, mipando, mawaya, kenako payipi ija. Udzu unamera mkati mwake.

Pagalaja magalimoto analeka kubwera. Madalaivala ankachepetsa liwiro podutsa, mutu uli pawindo.

"Apepani! Nyimbo akukuimbirani kukhoti ija yafika vesi yachingati?"

"Kwaya yake ndi yaulesi," wina ankayankha, onse n'kuseka.

Dzina la Amisiri linafera pomwepo. Ngakhale ana obadwa pambuyo pake anakula akudziwa kuti bambo wa pagalaja ndi Apepani, osadziwa chifukwa chake.

Mkazi wake anatopa ndi kunong'onezana kwa pampopi. "Abambo, tiyeni tisamuke. Magalimoto ali paliponse."

"Wothawa ndi dalaivala. Ine ndikachoka ndiye kuti ndavomera kachiwiri."

Koma panali chinthu chimene chinkamudya mkati, chimene anauza mkazi wake ndi ine basi. Makiyi aja anali m'thumba mwake. Akanatha kukana nawo, akanatha kuchotsa tayala limodzi n'kulibisa. Kodi kupereka makiyi kwa mwini galimoto ndi mlandu? Iye sankadziwa. Masiku ena ankati ayi, masiku ena ankangokhala pa jeke osadya. Ankafuna munthu wodziwa malamulo amve zonse, za payipi ndi za makiyi zomwe, aziike pasikelo, amuuze dzina la chimene anachita.

Zaka zingapo zitapita, tsiku lina woimira boma analankhula motalikirapo, woweruza analemba, ndipo womasulira anati, "Boma lauchotsa mlanduwu chifukwa mboni zake sizikupezeka. Mwamasulidwa. Pitani."

Makaniko sanasunthe m'kabokosi. "Ndiye kuti apeza kuti ndine wosalakwa?"

"Mlandu wachotsedwa, bambo."

"Ndamva. Ndikufunsa chimene apeza."

"Sanapeze kalikonse. Sanauzenge n'komwe. Tulukani, anzanu akudikira."

Panja mkazi wake anayamba kululutira, iye n'kumugwira mkono.

"Mukululutira chiyani, amayi? Andimasula ngati mbuzi. Chingwe achotsa, koma chipsera chake chili m'khosi."

Ananena zoona. Madzulo a tsiku lomwelo msewu unali utagamula kale kuti Apepani adyetsa winawake kukhoti. Mayi telala anamuona akutsika minibasi ndi malaya oyera, anaimitsa makina n'kumuyang'ana. Makaniko anaima m'mphepete mwa msewu, anayang'ana khonde lija, kenako analowa m'galaja. Analibe mawu oti apite nawo.

Sabata yotsatira anabwerera kukhoti, pawindo la kalaliki.

"Ndikufuna mlandu wanga ubwerere."

Kalaliki anavula magalasi. "Bambo, anthu amabwera pano kudzalira kuti tiwamasule. Inu mukufuna tikumangeni?"

"Ndikufuna andiimbe mlandu mpaka kumapeto. Ausiyira panjira."

"Woimba mlandu ndi boma, si inu. Munthu sadziimba yekha. Pitani mukathokoze Mulungu."

Anapitanso, n'kupitanso. Makalaliki anasintha, woweruza uja anapuma pantchito, mwini minibasi anagula maminibasi ena n'kunenepa. Makaniko anayamba kukonza mawilibala ndi njinga, chifukwa zimenezo anthu sankaopa kumupatsa. Dzenje la galaja linadzaza madzi a mvula, achule n'kumaswana momwemo. Maso ake anayamba kuchita khungu, msana unapindika, koma msewu uja sanauwolokenso. Ovolosi ankasoka yekha ndi ulusi wa matumba.

Chaka chatha mkazi wake anamwalira ndi matenda a mtima. Anthu anabwera ochepa. Makaniko anakhala pakhonde la nyumba yake, manja ali pamaondo. Dzuwa lili pamutu tinaona mayi telala akulowa pageti, imvi zili mbuu, akuyenda mokoka mwendo umene wapalasa makina moyo wake wonse. Anafika pamene panali makaniko, anagwada movutikira, nati, "Pepani, bambo."

Atangotero anadzidzimuka, ngati munthu amene waluma mwala m'chakudya. Akuluakulu amene tinalipo pamaliro oyamba aja tinayang'ana pansi.

"Mawu ake ndi omwewa," anatero mayiyo chapansipansi. "Njira yonse ndimafunafuna ena, sindinawapeze."

"Palibe ena, mayi," anayankha makaniko.

Munthu akanaganiza kuti nkhani yathera pamenepo. Siinathe. Mayi telala anadzuka, anakalowa kwa amayi anzake, ndipo pochoka anaimanso pakhonde paja.

"Pepani wanu uja ndamumva lero, Amisiri. Koma amene anapha mwana wanga sindinamudziwebe. Wina akuti dalaivala, wina akuti mwini galimoto, wina akuti inu. Munati mudzabwera ndi mawu a woweruza."

"Ndinatero."

"Ine ndikadali pakhonde pomwe paja."

Aka kanali koyamba m'zaka zonsezi makaniko kumva munthu akumuitana kuti Amisiri, koma nkhope yake siinasinthe.

Masiku ano malaya oyera aja amachapa ndi kusita yekha, kolala yake inatha kale. Amakwerabe minibasi kupita kukhoti, amakaima pawindo, ndipo makalaliki achinyamata amene sanaumvepo mlanduwo amamuuza kuti abwere tsiku lina. Akabwerako amatsikira kumbali yathu ya msewu. Kutsidya makina amaima, mayi telala amakweza mutu, makaniko amapukusa wake, makina n'kuyambanso kulira. Analonjeza kuti adzawoloka ndi mawu a woweruza, ndipo akuti sadzawoloka chimanjamanja.