Chitenje Cholakwika pa Mpopi

Mpopi wa m'dera lathu ku Bangwe anautsegula kutatsala milungu iwiri kuti tivote. Anaupaka penti ya mtundu wa chipani cha khansala, ndipo makiyi anapatsa mayi wina wa m'komiti, neba wanga weniweni amene timapemphana mchere.

M'mawa wina ndinathamangira pamzere ndi ndowa, nditangozikulunga chitenje chomwe chinali pafupi pachingwe. Kwathu kuno chitenje cha kampeni sitikana. Aliyense wobwera kudzagawa timamuwombera m'manja n'kulandira. Sindinazindikire kuti kumbuyo kwanga ndanyamula nkhope ya wopikisana ndi khansala.

Nditafika kutsogolo, macheza onse anazima. Mayi uja anatseka mpopi.

"Aneba, madzi awa ali ndi eni ake. Kavuleni kaye chimenecho," anatero.

Ndinawayankha mokweza kuti, "Inuyo simunali patsogolo panga tsiku lomwe tinkalandira chimenechi? Chanu mwabisa kuti?"

Amayi anzanga onse anangoti zyoli. Anyamata awiri a chipani omwe ankasewera bawo chapafupi anasiya masewera n'kuimirira. Mmodzi anakankha ndowa yanga ndi phazi, pang'onopang'ono, akundiyang'ana m'maso. Ndinaitola n'kubwerera kunyumba.

Chisankho chitadutsa, mpopi uja unauma mwezi usanathe. Masiku ano ine ndi mayi uja timakumana pachitsime cha kumtsinje. Timasenzetsana ndowa osayang'anana, aliyense atapinda chitenje cha nkhope ya bwana wake kukhala nkhata.