Munandiphunzitsa Kuima, Atate

Lero chakwana chaka chitisiyireni, Atate. Ndakumbuka m'mawa uja mutangobwerako ku Chipata, kumene Mchaina wina wa ntchito ya msewu anakuphunzitsani masewera odekha aja otchedwa tai chi. Anthu a m'mudzi mwathu muno mwa Zemba ankanong'onezana kuti mwayamba gule wachilendo, koma inu simunasamale. Munandiitanira kumunda wa mtedza n'kulemba timizere tiwiri pansi ndi mpini wa khasu. "Ponda apa ndi apa, Malita. Mapazi atalikirane molingana ndi mapewa ako. Ukatangadza kwambiri ulephera kusuntha, ukawaphatikiza ngakhale mphepo ikugwetsa. Pinda mawondo pang'ono, kulemera konse kutsikire kumapazi, ngati wamera mizu." Kenako munandikankha paphewa ndi manja onse awiri. Sindinagwe, ndipo munaseka mpaka kutsokomola.

Atate, munda womwewo ndi umene azibale anu akuufuna tsopano. Akuti mwana ndi wa kwa amake, munda ubwerere kwa eni ake. Amayi chakudya sichikuwalowa. Mawa atiitana kukakamba nkhaniyi pamalire, ndipo woyankhula ndine, poti achimwene ali kutali. Ndapita kukaima pamalo paja lero. Timizere tanu mvula inafafaniza kalekale, koma mapazi anga sanaiwale. Ndapinda mawondo, ndapuma pang'onopang'ono monga munkanenera, mantha osachoka. Kuima munandiphunzitsa ndithu, Atate. Koma simunandiuze chochita anthu akafuna kundilanda dothi limene ndaimapo.